Amene Wagwira Macheza Athu Asagwirenso Chikwama

Makampani amene adatizoloweza kucheza pa foni sakukhutiranso ndi ntchito yonyamula mauthenga. Akufuna kuti app yomwe mumaperekerapo moni kwa achimwene anu ikhalenso yolipirirapo fizi ya mwana, yogulirapo feteleza, yoitanirapo takisi, yokongolerapo ndalama ndiponso yowerengerapo nkhani. Elon Musk atagula Twitter mu October 2022 sadabise kuti cholinga chake ndi app yochita zonse, ndipo mu July 2023 adaisintha dzina kukhala X. Meta, mwini wake wa WhatsApp, adalowetsamo kale malipiro ku India ndi ku Brazil, ndipo mu June 2025 adalengeza kuti zotsatsa malonda ziyamba kuoneka pa Status. Kuno ku Africa MTN idabwera ndi ayoba mu 2019, Econet ya ku Zimbabwe nayo idatulutsa Sasai chaka chomwecho. Onsewa maso ali pa WeChat ya ku China. Langa ndi limodzi: Bank of Zambia ndi ZICTA, bungwe loyang'anira mafoni ndi intaneti, asalole kuti macheza a munthu ndi ndalama zake zitsekedwe ndi kiyi mmodzi wokhala m'manja mwa kampani imodzi. Wofuna kuona ngati mfundoyi ili ndi mutu asayesere munthu wa ku Kabulonga mumzinda wa Lusaka, amene ali ndi mafoni awiri ndi khadi la ku banki m'thumba. Ayesere mlimi wa kwa Mfumukazi Shikabeta m'boma la Rufunsa, amene foni yake ndi imodzi, simu ndi imodzi, ndipo zikamuvuta alibe kwina kothawira.

WeChat idayamba mu January 2011 ngati app wamba yotumizirana mauthenga ya kampani ya Tencent. Malipiro adalowamo mu 2013, koma chimene chidakopa anthu chidali chikondwerero cha chaka chatsopano cha Achaina mu 2014, pamene mwambo wakale wopatsana ndalama m'maenvulopu ofiira udasamutsidwira pa foni. Kuti utape ndalama za kamphatso kochokera kwa azakhali, udayenera kulumikiza akaunti yako ya ku banki, ndipo anthu mamiliyoni adatero m'masiku ochepa. Mu January 2017 Tencent idalola makampani ena kumanga timaapp tawo m'kati mwa WeChat, kotero lero munthu amatha kusungitsa malo ku chipatala, kulipira basi ndi kugula ndiwo osatulukamo. Ogwiritsa ntchito adapitirira biliyoni imodzi kalekale. Njira yake ndi yoonekeratu. Munthu amalowa chifukwa abale ake ali momwemo, ndalama zimamutsatira, ndipo zikalowa ndalama kutuluka kumakhala kovuta chifukwa wogulitsa tomato, sukulu ndi ofesi ya boma onse amakuyembekezera momwemo.

Tsopano taonani mmene zinthu zilili ku Rufunsa, boma limene lidapatulidwa ku Chongwe mu 2012. Dera la Shikabeta lili kumpoto kwa msewu waukulu wa Great East, kulowera ku mtsinje wa Lunsemfwa, ndipo mabanki akuluakulu adadzazana ku Lusaka ndi ku Chongwe. Chimene chidafikitsa ndalama kumidzi yotereyi ndi MTN MoMo, Airtel Money ndi Zamtel Kwacha. Kafukufuku wa FinScope adapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 pa 100 alionse m'Zambia ndiwo ankagwiritsa ntchito ndalama za pa foni, koma pofika 2020 adali oposa 58 pa 100. Kukwera konseku kudachitika pa kafoni ka mabatani. Mayi amatayipa *115#, nasankha nambala pa mndandanda, nalowetsa PIN yake atabisa foni ndi chikhatho, kenaka amapita pa kabuthi kopaka utoto wachikasu kapena wofiira, n'kufunsa kaye ngati ejenti ali ndi ndalama zokwanira lero. Safunika bandulo, safunika foni yotsetsereka. Mwana wake amene ali ndi foni yotereyo amachezera pa WhatsApp, yomwe ndi ya kampani ina, yodutsa njira ina. Kupatukana kwa macheza ndi ndalama kumeneku palibe adakukonza dala, kudangochitika motsatira mbiri ya mafoni m'dziko muno. Koma kudatipulumutsa tsiku lina limene ambiri akulikumbukirabe.

Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho chachikulu, WhatsApp, Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter zidasiya kugwira ntchito m'Zambia anthu akadali pa mizere yovotera. Bungwe la Chapter One Foundation lidathamangira ku khoti, ndipo tsiku lotsatira High Court ku Lusaka idalamula ZICTA kuti itsekule. Pa maola onsewo anthu adasowa pochezera ndi potumizirana zotsatira za m'malo ovotera, chimene chidali chipongwe chachikulu pa ufulu wawo. Komabe kuyimba foni, ma SMS ndi *115# sizidali m'gulu la zotsekedwazo. Wodwala amene ankafuna ndalama ya thiransipoti yopitira ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya akadatha kuilandira kuchokera kwa mwana wake wa ku Mtendere. Ikadakhala kuti ndalamazo zimayendera m'kati mwa WhatsApp monga akufunira eni ake, dzanja lomwe lidatseka pakamwa pa anthu likadatsekanso misika, mabasi ndi zipatala. Amene amatsekera anthu intaneti pa chisankho safuna kuimitsa malonda, amafuna kuimitsa nkhani. App yochita zonse imamukakamiza kuimitsa zonse ziwiri pamodzi, ndipo ovutika kwambiri amakhala amene alibe khadi la ku banki.

Ena ati izi zidapita ndi boma lakale, ndipo akumbutsa kuti mu March 2022 ZICTA idagwirizana ndi Chapter One pamaso pa khoti kuti sidzachitanso zinthu kunja kwa mphamvu zake, komanso kuti intaneti ikasokonekera idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Mgwirizanowo ndi wabwino, koma ukulonjeza kufotokoza, sukulonjeza kuti sizidzachitikanso. Maboma amasintha, ndipo lililonse limapeza chifukwa chake. Boma lomwe lidalowa podzudzula lamulo la za intaneti la 2021 ndilo lidasainira malamulo atsopano a Cyber Security ndi Cyber Crimes mu April 2025, amene Law Association of Zambia idati akupereka mphamvu zochuluka zomvetsera mauthenga a anthu. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, mu June 2020 boma lidangodzuka n'kulengeza kuti likuimitsa ndalama za pa foni ponena kuti zikugwetsa dola ya dzikolo, m'dziko limene EcoCash yokha idanyamula pafupifupi malipiro onse a pa foni. Banki yaikulu idafewetsa lamulolo mawa lake, koma ma ejenti adatsekedwa ndithu. Kumeneko chidatsekedwa ndi chikwama, macheza adatsala, ndipo anthu adatha kuuzana chochita. Zikadakhala m'app imodzi akadatayanso pouzirana.

Ndipo pasafunike n'komwe munthu wa mtima woipa. Pa 15 October 2022 moto udabuka m'nyumba yosungiramo makompyuta ku Pangyo, kufupi ndi Seoul, ndipo KakaoTalk, imene anthu oposa 9 mwa 10 a ku South Korea amagwiritsa ntchito, idazima. Pamodzi nayo padagwanso ntchito zoitanira takisi, zolipirira ndi zolozera njira, ndipo zina zidatenga masiku kuti zibwerere. Mmodzi wa akuluakulu awiri a kampaniyo adatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Chaka chimodzi izi zisanachitike, pa 4 October 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zidazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6 chifukwa cha cholakwika cha akatswiri a kampaniyo. Ngati zotere zimachitika ku Korea, kumene magetsi sathimathima, tinene chiyani za dziko limene mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, ZESCO inkathimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku? Nsanja ya netiweki ikayamba kudalira jenereta ndi mabatire otopa, choyamba kufooka ndi intaneti. Kauthenga ka *115# kamadutsabe ngakhale pa foni patatsala kamzere kamodzi, pamene app yolemera imangozungulira.

Choopsa china, chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndi chakuti mwini app amasanduka woweruza. Mu October 2022, munthu wina atapachika nsalu zodzudzula boma pa mlatho wa Sitong ku Beijing, anthu ambiri amene adagawana zithunzi zake adatsekeredwa ma akaunti a WeChat. Ambiri a iwo adalemba poyera makalata opepesa kwa Tencent, kupempha kuti awabwezere, chifukwa m'akauntimo mudali ntchito, makasitomala ndi njira yolipirira. Wina ati Zambia si China, ndipo n'zoona. Koma WhatsApp nayo imatseka manambala tsiku lililonse, kawirikawiri makompyuta ndiwo amaganiza kuti nambala yakuti ikutumiza mauthenga achinyengo, ndipo nthawi zina amaphonya. Lero nambala yako ikatsekedwa umataya magulu a mpingo ndi a chilimba, umadandaula, n'kugula simu ina. Mawa ukadzatayanso ndalama zogulitsa chimanga, ukadandaula kwa yani? MTN ndi Airtel, ngakhale ali ndi zofooka zawo, ali ndi ziphaso za Bank of Zambia, ndalama za makasitomala amazisunga m'akaunti yapadera ku banki monga lamulo linenera, ali ndi maofesi amene munthu angalowemo atanyamula NRC yake, ndipo angasumiridwe ku khoti la ku Lusaka. Ofesi ya Meta yoyang'anira dera lino idatsekulidwa ku Johannesburg mu 2015. Mlimi wa ku Shikabeta amene Chingerezi chake chidathera ku pulayimale, ndipo kwawo amalankhula Chisoli ndi Chinyanja, akalemba fomu ya pa intaneti n'kudikira yankho la makina.

Otsutsa ayankha kuti mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa mwakuti ngakhale Meta sangawawerenge. Zimenezo n'zoona pa mawu a m'kati mwa uthengawo. Koma kampani imadziwabe kuti umalankhula ndi yani, kangati, nthawi yanji, ndi magulu amene ulimo. Uwonjezepo tsiku limene FRA, bungwe la boma logula chimanga, yakulipira, kuchuluka kwa zimene mwana wako amatumiza pa mwezi, ndi mwezi umene akaunti yako imauma, kampaniyo yakudziwa kuposa mnzako wa m'nyumba. Chidziwitso chimenechi ndicho malonda enieni. Ngongole za pa foni monga Kongola ya MTN ndi Na Sova ya Airtel zimayeza munthu poona mmene amagwiritsira ntchito foni yake, ndipo ambiri zawathandiza, pamene ena zawalowetsa m'kaloba wovala suti. App yodziwa kuti January wafika, feteleza wachiwiri sadagulidwe ndipo ufa watha, idzaika batani la ngongole pamwamba penipeni, ndi la kubetcha mpira pambali pake. Akuba nawo adzapepukidwa. Aliyense m'Zambia adalandirapo kauthenga konena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Lero wonyengedwayo amatuluka kaye mu uthengawo, natayipa *115#, naona dzina lachilendo likutuluka asanaike PIN, ndipo ambiri amadzidzimuka pamenepo. Batani lolipirira likakhala pansi penipeni pa uthenga wooneka ngati wochokera kwa mlamu wako, amene akaunti yake yabedwa usiku, kamphindi koganizirako kachoka.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali inayo ndi kuphweka, ndipo sindiipeputsa. Ogulitsa salaula, nkhuku ndi makala akugulitsa kale pa WhatsApp. Amaika chithunzi pa Status, wogula amafunsa mtengo, amatuluka kukatumiza ndalama, kenaka amajambula uthenga wotsimikizira n'kuutumiza, ndipo alipo amene amatumiza zithunzi zabodza. Kulipira pomwepo kukadachotsa ntchito ndi chinyengo chimenechi. Koma kuphwekako sikufuna kuti ndalama zikhale za mwini app. Brazil idaonetsa. WhatsApp idayambitsa malipiro kumeneko pa 15 June 2020, ndipo patangotha sabata banki yaikulu ya dzikolo idawaimitsa kuti iyambe yaona ngati sapha mpikisano. Mu November chaka chomwecho bankiyo idatsekula Pix, njira ya dziko yotumizirana ndalama nthawi yomweyo, yaulere kwa anthu wamba, imene mabanki akuluakulu onse adalamulidwa kulowamo. Pamene WhatsApp inkaloledwa mu 2021, anthu adali atazolowera kale Pix, ndipo lero ngakhale wogulitsa m'mbali mwa msewu amalandira Pix. India nayo idamanga UPI mu 2016, ndipo WhatsApp itapatsidwa chilolezo mu November 2020 idauzidwa kuti iyambe ndi anthu osapitirira 20 miliyoni, malire amene adachotsedwa kumapeto kwa 2024. M'mayiko onse awiriwa ndalama zimakhala ku banki ya munthuyo, app ndi poitanira chabe. Ikazima kapena ikakutsekera, umatsegula ina n'kupitiriza. Ngakhale China yeniyeniyo idadzaona kukula kwa makampaniwa ngati vuto, mpaka kuimitsa kugulitsa masheya kwa kampani ya malipiro ya Ant Group mu November 2020, ndi kulamula mu 2021 kuti ma app akuluakulu asiye kutsekerana.

Zambia ili ndi poyambira. National Financial Switch, yoyendetsedwa ndi Zambia Electronic Clearing House, imalola kale kuti ndalama zichoke pa Airtel kupita pa MTN kapena ku banki. Vuto ndi lakuti kutumiza kotereku kumadyabe ndalama, ndipo boma m'malo mopeputsa lidaonjezerapo msonkho wa ndalama za pa foni kuyambira pa 1 January 2024, woyambira pa 8 ngwee kufika K1.80 pa kutumiza kulikonse, n'kuukwezanso mu 2025. Tindalama timeneti timaoneka tochepa kwa wolemba bajeti, koma kwa wotumiza K50 kawirikawiri timamveka. Choipa chake chachikulu n'chakuti timakonzera malo kampani yachuma yochokera kunja. Njira ya dziko ikakhala yodula, aliyense wobwera ndi lonjezo lakuti kutumizirana m'kati mwa app yake n'kwaulere adzakokolola anthu m'chaka chimodzi, ndipo mtengo weniweni adzaunena onse atalowa.

Padzakhalanso onena kuti ndikuopa chinthu chimene sichidafike. Ayoba ndi Sasai sizidachotse WhatsApp pa mpando, malipiro a WhatsApp sadafike m'Zambia, ndipo ku Shikabeta mafoni otsetsereka ndi owerengeka. Zonsezi n'zoona, ndipo ndicho chifukwa chake nthawi yolemba malamulo ndi ino, makampani asanakhale ndi makasitomala mamiliyoni oopsezera nawo boma. Komanso ngozi yoyamba kwa munthu wa kumudzi siyembekezera kuti iye agule foni yotsetsereka. Imayamba pamene makampani aona kuti phindu lili mu app, n'kuyamba kuika mitengo yotsika, mabonasi ndi ntchito zatsopano momwemo, *115# n'kuisiya ikukalamba. Izi zayamba kale, ndipo aliyense wolandira mauthenga omunyengerera kuti atsitse app ya MoMo kapena My Airtel akudziwa. Boma nalo likusamutsira pa foni ndalama za Social Cash Transfer, makuponi a feteleza a FISP ndi malipiro a FRA. Tsiku limene ntchito imodzi mwa izi idzapezeke pa app pokha, gogo wa kafoni ka mabatani adzapereka simu ndi PIN yake kwa mdzukulu kapena kwa mnyamata wa pa buthi, ndipo ndalama yomwe idapangidwira kuti imufikire iye mwini idzayamba kudutsa m'manja mwa wina.

Choncho lamuloli lisakhale lothana ndi Meta yekha. M'Zambia muno amene ali pafupi kwambiri kukhala ndi app yochita zonse ndi MTN ndi Airtel, chifukwa simu, netiweki ndi chikwama zili kale m'manja mwawo, ndipo chasowa ndi macheza okha. Bank of Zambia ili ndi mphamvu pansi pa lamulo la National Payment Systems zoika zofunika pa chiphaso cha aliyense wonyamula ndalama za anthu. Ilembemo kuti app iliyonse yochezera yofuna kunyamula malipiro idutse pa National Financial Switch, ndalama zikhale m'akaunti imene mwini wake angaifikire ndi *115# kapena kwa ejenti ngakhale app itazima, itatsekedwa ndi boma, kapena itamuchotsa iyeyo. Ilembemo kuti chilichonse chimene boma limalipira kapena kulipiritsa nzika chizipezeka pa kafoni ka mabatani pa mtengo wofanana ndi wa pa app. Ofesi ya Data Protection Commissioner, imene idabwera ndi lamulo la 2021, iletse kusakaniza mbiri ya macheza ndi mbiri ya ndalama poyeza ngongole kapena potsatsa kubetcha. Nigeria idagamula kuti Meta ilipire chindapusa cha madola 220 miliyoni mu July 2024 pa nkhani za chinsinsi cha anthu, koma Nigeria ili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ndipo kampani imaganiza kawiri isanawataye. Zambia ili ndi anthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo mawu ake amamveka kwambiri pa nthawi imodzi yokha, pamene kampani ikadali pa khomo la Bank of Zambia kupempha chiphaso.